Kaundula wa mapulogalamu asagone m'kabati

Mabungwe ambiri ali ndi kaundula wa mapulogalamu ovomerezeka a pakompyuta, koma amangomulemba kuti oyendera ntchito akabwera asowe chonena. Ine ndikuti kaundula wotere ndi woopsa, chifukwa amagonetsa akuluakulu tulo pamene chitseko chili pululu.

Taonani zimene zinagwera kampani ya Equifax ku America. M'mwezi wa Malichi 2017, kunalengezedwa kuti pulogalamu ya Apache Struts ili ndi mpata wolowerapo akuba, ndipo njira yotsekera inaperekedwa. Kampaniyo inalamula antchito ake kutseka mpatawo, koma inalibe kaundula wokwanira wosonyeza paliponse pamene pulogalamuyo inaikidwa. Malo ena anatsala osatseka, akuba analowa, n'kutenga zinsinsi za anthu pafupifupi 147 miliyoni.

Mu Disembala 2021, vuto la Log4j linaonjezera phunziro lina. Kachidutswa kameneka kamakhala m'kati mwa mapulogalamu ena, choncho amene analemba mayina a mapulogalamu okha anavutika kwambiri kukapeza.

Motero kaundula weniweni atchule dzina la pulogalamu, mtundu wake, zimene zili m'kati mwake, makompyuta amene ilimo ndiponso munthu woiyang'anira. Aziunikidwa kawirikawiri pomuyerekeza ndi zimene zilidi m'makinamo. Komanso wantchito akapempha pulogalamu yatsopano ayankhidwe msanga. Mukamuchedwetsa adzaiika mobisa, ndipo tsiku la ngozi palibe amene adzadziwe kuti ilipo.