ZA MABUKU: Ndani Aoloka, Ndani Alipira?

Palibe munthu wamkulu amene sanadzifunsepo kuti moyo wace ukadakhala wotani akadatenga njira ina pa mphambano. Alembi ena a ku America ndi ku Britain anatenga funso limeneli nalisandutsa mabuku a nthano za sayansi. M'mabuku amenewa muli maiko ambiri okhala pambali pa dziko lino. Mapiri ndi mitsinje ndi yomweyo, koma mbiri ya anthu inapatuka, ndipo munthu wodziwa njira akhoza kuoloka kucoka ku dziko limodzi kupita ku linzace.

Imodzi mwa nthano zoyamba za mtundu uwu inalembedwa ndi Murray Leinster m'caka ca 1934, ndipo dzina lace ndi Sidewise in Time. M'nthanoyi maiko asokonekera, kotero kuti anthu a ku America adzidzimuka poona asilikari a Aroma ocokera ku dziko limene ufumu wa Roma sunagwe. M'caka ca 1957 Hugh Everett, wophunzira wa pa yunivesite ya Princeton, anapereka ganizo lakuti ciri conse cimene cikadatheka kucitika pakati pa tinthu tating'onoting'ono ta cilengedwe cimacitikadi, ciri conse pa nthambi yace. Ganizo lace silipatsa munthu njira yoolokera, koma alembi analilandira ndi manja awiri.

Wowerenga watsopano amatengeka ndi makina oolokera. Wowerenga wodekha aona kuti mabuku abwino a mtundu uwu afunsa funso lina lolemera koposa: ndani amene aoloka, ndipo ndani amene alipira ulendowo?

H. Beam Piper analemba nthano zingapo zochedwa Paratime. M'menemo muli mtundu wa anthu umene unatha cuma ca m'nthaka ya dziko lao, ndipo utapeza njira yoolokera unayamba kututa cuma ca maiko ena mwakacetecete. Unaika ngakhale apolisi, amene nchito yao yaikuru ndi kusunga cinsinsi kuti eni ace a maikowo asadziwe. Wowerenga wa m'Zambia sasowa womasulira pa nkhani imeneyi. Kampani ya British South Africa Company inalamulira dziko lino mpaka 1924, ndipo inapitiriza kulandira ndalama za miyala ya m'migodi mpaka pa nthawi ya ufulu m'caka ca 1964.

M'buku la Philip Pullman la 1997, The Subtle Knife, mnyamata Will ali ndi mpeni umene udula zenera m'mwamba, ndipo wodutsa pa zeneralo afika ku dziko lina. Akale anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, koma kalumo aka kali ndi mtengo wace. M'buku lotsiriza la nthanoyi, The Amber Spyglass la 2000, kumveka kuti zenera liri lonse lodulidwa limabala cirombo cimene cimadya moyo wa akuluakulu, ndiponso kuti munthu sakhala zaka zambiri m'dziko losakhala lace. Cotero Will ndi mnzace Lyra, ngakhale akondana, alekana, yense kubwerera kwao.

Terry Pratchett ndi Stephen Baxter anatulutsa The Long Earth m'caka ca 2012. Umo makina oolokera ndi kabokosi kochipa koyendera mbatata, ndipo maiko onse a pambali alibe anthu. Citsulo sicitheka kuoloka, kotero kuti wosamuka ayenera kusula khasu lace komweko. Koma pali anthu ena amene matupi ao akana kuoloka. Awa atsala m'mbuyo pamene abale ao apita kukagwira malo, ndipo mkwiyo wao ukula kufikira kubala ciwawa.

Buku limene lifika pa mtima pa nkhaniyi ndi la Micaiah Johnson, The Space Between Worlds, la 2020. Lamulo la m'bukuli ndi lakuti munthu sangalowe m'dziko limene mnzace wofanana naye akali moyo. Ana a anthu olemera, amene akula ndi cakudya ndi mankhwala, ali moyo pafupifupi m'maiko onse, cotero sangayende. Kampani ifuna amphawi, cifukwa iwo ndiwo anafa kale m'maiko ambiri ndi matenda, njala ndi nkhondo. Mtsikana wa m'nthanoyi, Cara, anafa m'maiko 372, ndipo imfa zimenezo ndizo zampatsa nchito. Mlembiyo sanafunike kulalikira. Ciwerengero cokhaco cinena zonse za kusiyana kwa moyo wa mwana wa mmphawi ndi wa mwana wa wolemera.

Ena amati mabuku otere ndi maloto a anthu osowa cocita. Koma wowerenga akatsata maulendo onsewa aona cinthu cimodzi: woyenda anyamula khalidwe la kwao kuli konse kumene apita. Waumbombo akafika ku dziko lina ayamba kututa, ndipo wonyozeka apeza kuti ndi kumeneko anyozedwa. Palibe mwa alembi amenewa amene anaonetsa dziko la pambali kumene cilungamo cinamera cokha ngati bowa. Mabukuwa onse analembedwa m'Cingelezi, ndipo wophunzira wa sekondale amene afuna poyambira angacite bwino kufunsa buku la Pullman ku laibulale, pakuti linalembedwera acinyamata.