Tisanakwere ndege, tifunse kaye za agogo a ku Theba

Kumapeto kwa Novembala 2023 ndege inanyamuka ku Lilongwe itatenga achinyamata 221 opita kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel. Nkhondo ya ku Gaza inali isanakwanitse miyezi iwiri. Minda yambiri kumeneko inali itasowa manja chifukwa antchito ambiri ochokera ku Thailand anabwerera kwawo anzawo ataphedwa, ena atagwidwa, pa chiwembu cha pa 7 Okutobala. Mwezi womwewo Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Wina akadabwa kuti mnyamata angakwere bwanji ndege yopita kufupi ndi nkhondo, ayambe wafunsa mtengo wa thumba la feteleza sabata imeneyo.

Ine sindidzudzula amene anapita, ndiponso sindili m'gulu la amene amati kutumiza anthu kukagwira ntchito kunja ndi ukapolo basi. Tonse tikudziwa anzathu amene anatsiriza digiri zaka zitatu zapitazo koma mpaka lero akungoyenda ndi envelopu ya khaki mu ofesi ndi mu ofesi. Munthu wotere ukamuuza kuti akhale pansi adikire kuti chuma chikule, wamunyoza. Chimene ndikukana n'chakuti dziko lizitumiza ana ake kunja likuwerengera madola amene adzatumize, osawerengera chimene chidzawachitikire akadwala, akavulala, akamanidwa malipiro kapena akakalamba. Njira imeneyi tinaiyendapo kale, ndipo tikudziwa pamene inakathera.

Kwa zaka zambiri bungwe la Wenela, limene pambuyo pake linadzatchedwa TEBA, linkalemba amuna a kuno kukakumba golide m'migodi ya ku South Africa. Kumudzi ankangoti wapita ku Joni kapena ku Theba. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi imeneyo. Gawo la malipiro awo linkasungidwa kuti akalandire atafika kwawo, ndipo mwa njira imeneyi dziko linkapeza ndalama zakunja. Amunawo ankabwera ndi njinga, wailesi, makina osokera, ena malata. Zimenezi zinali zoona, ndipo mabanja ambiri anaphunzitsa ana ndi ndalama za ku Joni.

Koma mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown ku Botswana n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo. Kamuzu Banda anaimitsa kulemba anthu. Ntchitoyo inadzayambiranso mu 1977 ndi anthu ochepa, kenako inatheratu mu 1988 pa mkangano wokhudza kuyeza kachilombo ka HIV. Kuchokera nthawi imeneyo nkhani ya ndalama za anthu amene anagwira ntchito m'migodi yakhala ikubwera n'kumapita ngati mvula ya chizimalupsa. Nkhalamba zalembetsa maina kambirimbiri, zasunga timapepala tong'ambika m'majumbo a shuga, zambiri zamwalira zisanalandire kanthu. Ena anabwera ndi fumbi la miyala m'mapapo, matenda otchedwa silicosis, komanso chifuwa chachikulu. Mgwirizano woti makampani a golide apereke chipukutamisozi cha R5 biliyoni unafikidwa mu 2018, ndipo bungwe la Tshiamiso Trust linakhazikitsidwa kuti lizigawa ndalamazo. Mwamuna amene anatuluka mu mgodi mu 1988 ali ndi zaka 35 anali ndi zaka 65 pamene mgwirizanowo unkasainidwa, ngati anali akadali moyo. Ndipo kuti alandire ayenera kupereka umboni wa kumene anagwira ntchito ndi wa matenda ake. Amene analemba anthu aja anasunga bwino chiwerengero cha opita, koma palibe amene anasamala zoti munthu aliyense akhale ndi mapepala omuteteza pa ukalamba wake.

Wina anganene kuti zimenezo n'zakale, za nthawi ya tsankho ku South Africa. Tiyeni tione za dzana. Mu 2024 wailesi ya BBC inaulutsa nkhani ya amayi a ku Malawi amene anapita ku Oman atalonjezedwa ntchito zabwino, koma anakapezeka akugwira ntchito za m'nyumba usana ndi usiku, mapasipoti atalandidwa, ena akumenyedwa. M'maiko angapo a ku Middle East chilolezo cha wantchito chimamangiriridwa kwa bwana mmodzi, moti ukathawa nkhanza wolakwa umakhala iweyo. Chaka chomwecho Amalawi ena anabwezedwa kuchokera ku Israel chifukwa anasiya minda n'kukagwira ntchito kwina, zimene mapepala awo sankalola. Ambiri anangowanena kuti achititsa dziko manyazi. Ine funso langa ndi lina: munthu amene wasiya kwawo chifukwa cha umphawi amachoka pa ntchito popanda chifukwa? Ngati malipiro anali osiyana ndi amene anauzidwa, akanakadandaula kwa yani, pa chilankhulo chanji?

Lamulo lathu la zantchito la mu 2000 limati wolemba ntchito apatse wantchito chikalata chofotokoza malipiro ndi zina zokhudza ntchitoyo. Koma mphamvu ya lamuloli imathera pa Mwanza, pa Songwe ndi pa bwalo la ndege. Kupyola pamenepo chimene chimateteza munthu ndi mgwirizano wa maboma awiri ndi kontrakiti imene wasaina. N'chifukwa chake ndikuti zinthu ziwirizi zisamakhale zachinsinsi.

Mgwirizano uliwonse wotumiza antchito kunja uzikambidwa ku Nyumba ya Malamulo ndipo uzisindikizidwa kuti aliyense awerenge. Kontrakiti izimasuliridwa m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao, ndipo izinena poyera malipiro a pa ola, ndalama zimene zizidulidwa za nyumba, chakudya, msonkho ndi inshuwalansi, komanso zimene zizitsala m'thumba. Munthu aipatsidwe kutatsala masabata kuti anyamuke, osati pa bwalo la ndege chikwama chili kale m'manja. Safunsa anadya phula, koma munthu sangafunse pa chinthu chimene sanapatsidwe mpata wochiwerenga. Makampani olemba anthu azikhala m'kaundula wa Unduna wa Zantchito amene aliyense angamuone, ndipo opita asamalipitsidwe ndalama zolembera, chifukwa ngongole imeneyo ndi imene imamanga munthu pakamwa akayamba kuzunzidwa. Ku ofesi ya kazembe wathu m'dziko lililonse limene tili ndi antchito ambiri kuzikhala munthu amene ntchito yake ndi yomva madandaulo awo ndi kuyendera malo amene akugwira. Ndipo boma lizisunga mbiri ya wantchito aliyense, kumene wagwira ndi ndalama za penshoni zimene wadulidwa, kuti mu 2060 pasadzakhalenso nkhalamba zoyenda ndi timapepala m'majumbo.

Ena amati tikachulutsa zofuna, maiko olemba ntchito adzapita kukatenga anthu kwina. Mwina n'zoona, popeza osowa ntchito ndi ambiri pa dziko lapansi. Komatu dziko la Philippines limatumiza anthu mamiliyoni kunja, lili ndi unduna wonse woona za antchito amenewa, ndipo linaimitsapo kutumiza anthu ku Kuwait antchito ake ena ataphedwa. Olemba ntchito sanasiye kufuna anthu a ku Philippines. Dziko limene limadziwika kuti silifunsa chilichonse limapatsidwa ntchito zimene ena onse akana.

Ife amene tili pa sukulu nkhaniyi si ya anthu ena. Mwa ife muli anamwino amene akuloweza kale mayeso a Chingerezi kuti apite ku Britain, muli a zaulimi amene angakwere ndege yotsatira ya ku Israel. Mabungwe a ophunzira ndi a Malawi Congress of Trade Unions ali ndi ufulu wonse wopempha kuti mapangano amenewa aikidwe poyera, ndipo nthawi yabwino yopempha ndi pamene maina athu asanalowe pa mndandanda. Amene ali ndi agogo kumudzi amene anapita ku Theba, holide ikubwerayi akawafunse chimene anasaina, ndi chimene analandira.