Liwu la mbewa limene khutu lathu silimva

Chimanga chikalowa m'nkhokwe ndipo moto ukadutsa m'tchire, anyamata a m'dziko la Mfumu Zingalume, m'boma la Chadiza, amasenza makasu kukakumba mbewa monga anachitira makolo awo. Koma popeza wailesi ndi mafoni zafikitsa kumudzi mbiri yakuti akatswiri a maiko akutali apeza kuti makoswe amaseka ndipo mbewa zimayimba, pabuka mtsutso umene, kunena mosapsatira, ukuyendetsedwa moipa. Ambiri akuti amenewo ndi masewera a anthu okhuta, osowa chochita ndi ndalama. Ena ochepa, amene mtima wawo ndi wofewa kuposa nzeru zawo, akuti ngati kanyamaka kamaseka ndiye kuti kukaika pa mpani ndi tchimo. Ine ndinena pachiyambi pomwe kuti akatswiriwo sananame, kuti ntchito yawo ndi yolemekezeka, ndi kuti wonyozayo waweruza mlandu asanamve mboni ndi imodzi yomwe.

Mboni yoyamba ndi khutu lathu lenilenili, limene lili ndi malire ake. Liwu ndi kugwedezeka kwa mpweya, ndipo munthu, ngakhale mwana wa makutu akuthwa, samva liwu logwedezeka kupitirira maulendo 20,000 pa sekondi, chimene ophunzira amalemba kuti 20 kHz. Pamene makoswe ndi mbewa zimalankhulana pamwamba pa malire amenewo, kotero kuti kulira kumene timamva mbewa ikapanidwa ndi diwa ndi kachigawo kakang'ono chabe ka zonena zake. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, Jaak Panksepp ndi Jeffrey Burgdorf ku America, pogwiritsa ntchito makina otsitsa mawu otere kuti munthu awamve, anaona kuti khoswe wamng'ono akamasewera ndi mnzake, kapena akamagirigishidwa ndi dzanja la munthu, amatulutsa timawu tatifupitifupi ta 50 kHz, ndipo dzanjalo likachoka amalithamangira kuti limugirigishenso. Koma akachita mantha, pena akagonjetsedwa pa ndewu, amalira kulira kwakutali kwa 22 kHz, kumene anzake akakumva amaima chilili. M'chaka cha 2005 Timothy Holy ndi Zhongsheng Guo a ku St. Louis anasonyeza kuti mbewa yamphongo ikamva fungo la yaikazi imalumikiza timawu take m'ndondomeko yobwerezabwereza, ndipo ndondomeko imeneyo anaitcha nyimbo.

Tsono wonyoza adzati ngakhale chitseko chimalira. Apa ndipo pamene pagona nkhani, pakuti mawu a mbewa ali ndi gwero lake m'bongo, ndipo gwerolo lapezeka. Ku Duke University, m'chaka cha 2019, Katherine Tschida ndi anzake anapeza kagulu ka timinyewa pakatikati pa bongo, pamalo otchedwa periaqueductal gray, kamene akakatseka mbewa yamphongo imatsatabe yaikazi koma ili duu, ndipo akakadzutsa imayimba ngakhale palibe woiyimbira. Ku Marburg, ku Germany, Markus Wöhr ndi Rainer Schwarting anasonyeza kuti khoswe akamva mawu a 50 kHz ochokera m'makina amayandikira komweko kufunafuna mnzake. Ndipo kunapezekanso kuti pa nthawi imeneyo bongo wake umatulutsa dopamine, mankhwala omwewo amene amautsa chilakolako cha chakudya. Ndiko kunena kuti Namalenga anaika njala ya kukhala ndi anzako pafupi ndi njala ya m'mimba, mwa khoswe monganso mwa munthu. Chimene chimandikhudza koposa ndi cha ana a mbewa, amene akagwa m'masa amalira liwu losamveka kwa ife, mayi wawo nadza kudzawatola ndi kamwa mmodzimmodzi. Mbewa yaikazi imene sinaberekepo kawirikawiri imangodutsa osalabadira, koma Bianca Marlin ndi Robert Froemke a ku New York anaona mu 2015 kuti ikapatsidwa oxytocin, amene amagwiranso ntchito m'thupi la mayi woyamwitsa, khutu la m'bongo mwake limatseguka, nayonso niyamba kutola ana a eni.

Kodi zimenezi ndi zachilendo kwa wokumba mbewa wa kwa Zingalume? Iyayi. Iye amadziwa kuti akatsata una wa kapuku, natseka mbuli ndi phazi kuti zisathawire kwina, sapezamo imodzi yokha. Amadziwa masa ofunda oyalidwa ndi udzu wofewa, ndi tiana tofiira tosapenya tounjikana pamodzi. Makolo amene anati mbewa ya manyazi inafera kuuna, natinso mbewa zikachuluka siziika masa, anali atayang'anitsitsa kanyamaka kufikira anaona m'menemo makhalidwe a mudzi. N'chifukwa chake ndimadabwa kuona mdzukulu wa anthu openyetsetsa chotere akuseka mlendo amene wangobwera ndi khutu lachitsulo kudzatsimikiza zomwezo.

Otsutsa ali nazo mfundo zawo, ndipo sizitenga nthawi kuziwerenga. Mbewa imafukula mbewu m'phando, khoswe amaboola nkhokwe, ndipo nthata zake zimafalitsa mliri wa makoswe, monga unagwa ku Nyimba m'chigawo chathu chomwe chino mu 2015. Zonsezi n'zoona, koma sizikuyankha funso. Mdani wolankhula sasiya kukhala mdani, ndiponso udani wake sutsimikiza kuti ndi wosalankhula. Mfundo yawo yolemerako ndi yakuti mawu akuti kuseka ndi kuyimba ndi athu anthufe, ndipo palibe amene analowa mumtima mwa khoswe. Pamenepo ndivomereza kuti kusamala n'koyenera, ngakhale Shimpei Ishiyama ndi Michael Brecht a ku Berlin anaona mu 2016 kuti khoswe woikidwa pamalo okwera ndi owala kwambiri, ali ndi nkhawa, saseka ngakhale umugirigishe, chimene chitseko sichichita. Za amene afuna kuti tileke ndiwo yathu sindinena zambiri: mbuzi nayo imalirira mwana wake momveka kwa aliyense, ndipo sitinaleke kuidya, koma tinaphunzira kusaizunza.

Amene afunsa phindu ayang'ane kutsidya kwa malire. Bwampini, amene ife timangomuona ngati nyama, anaphunzitsidwa ndi bungwe la APOPO ku Morogoro, ku Tanzania, kununkhiza mabomba okwiriridwa pansi. Anathandiza kuyeretsa Mozambique, dziko limene linalengeza mu 2015 kuti lathana ndi minda yonse yodziwika ya mabomba, ndipo ku Maputo ananunkhizanso makhololo kufunafuna chifuwa chachikulu. Zimenezo zinatheka chifukwa wina sananyoze bongo wa khoswe.

Chodandaulitsa n'chakuti pafupifupi zonse ndafotokozazi zinapezeka pa makoswe ndi mbewa zoweta m'nyumba zofufuzira za ku America ndi ku Ulaya, osati pa kapuku wa m'minda yathu. Inu ophunzira a ku University of Zambia, makina omvera mawuwa alipo, ndipo odziwa mauna ali kwa Zingalume. Bwerani m'chilimwe, mulonjere mfumu monga mwa mwambo, ndipo mupemphe anyamata a makasu akutsogolereni.