Kutentha kwa M'makina: Kodi Kompyuta Idziŵa Zonse?

Aliyense amene anakhudzapo wailesi kapena foni itagwira ntchito nthaŵi yaitali adziŵa kuti imafunda. Chifukwa chake anachilongosola James Joule cha m'ma 1841: magetsi poyenda m'waya amabala kutentha, ndipo mukawachulukitsa kaŵiri, kutenthako kumachuluka kanayi.

Koma nkhani siithera pamenepo ayi. Waya wa kopa akatentha amayamba kukaniza magetsi, ndipo pa madigiri 10 alionse kukanizako kumakwera ndi pafupifupi 4 peresenti. Kutentha komweko kumafutukula zitsulo, china msanga, china mochedwa, uku mpweya uli kunyamulako kwina. Zonsezi zimachitikira pamodzi, china chikukoka chinzake. N'chifukwa chake akatswiri amatsamira mapulogalamu onga COMSOL Multiphysics, ya kampani imene inayambika ku Stockholm mu 1986. Pulogalamuyi imagaŵa chithunzi cha chipangizo m'tizidutswa tambirimbiri, niŵerengera kutentha kwa kalikonse potsata masamu amene Joseph Fourier anasindikiza mu 1822, kenaka nisonyeza ndi utoto malo oopsa, chipangizocho chisanapangidwe n'komwe.

Kuphonya pamenepa kumaliritsa thumba. Makina amaseŵero a Xbox 360, otuluka mu 2005, anafa ambiri popeza timfundo tolumikizira tinkaduka ndi kutentha ndi kuzizira kobwerezabwereza; mu 2007 kampani ya Microsoft inapatula madola oposa 1 biliyoni okonzera.

Ine pulogalamuyi ndiitama. Chondidetsa nkhaŵa ndi achinyamata oyesa kuti popeza kompyuta iŵerengera, sayansi ya m'kalasi yatha ntchito. Bodza limenelo! Kompyuta siidziŵa kumene chipangizo chikakhale. Muiuze za chipinda cha madigiri 25, idzakujambulirani chithunzi chokongola ndithu, chikhalirecho inveta ya solayo ikukaikidwa ku Nsanje m'nyumba ya malata mwezi wa Okutobala, madigiri atapitirira 40, fumbi litatseka timaenje topumira. Masamu adzakhala oona, koma inveta idzapsa. Wozindikira kuti pafunsidwa funso lolakwika ndi munthu yekha.

Tsono inu aphunzitsi, musachite manyazi ndi choko. Viikani supuni yachitsulo ndi mthiko m'madzi otentha, ana akhudze okha, ndipo muŵauze kuti kopa amapititsa kutentha kuposa mpweya wodekha nthaŵi zoposa 10,000. Wophunzira wotere akadzakhala pa kompyuta ku koleji, adzayamba wafunsa kuti mpweya uloŵera pati ndipo utulukira pati, asanakhulupirire utoto wofiira uja.