Msilikali akafuna kukadwazika kholo

Malamulo a asilikali a pamtunda ku America ali ndi khomo lotulukira usilikali kwa msilikali amene kholo lake ladwala mwakayakaya. Lili mu Army Regulation 635-200, mutu 6. Koma khomolo ndi lopapatiza.

Msilikali ayenera kusonyeza kuti vutolo lidayamba kapena lidakula iye atalowa kale usilikali, kuti si la masiku ochepa, komanso kuti wayesa njira zina zonse. Pamafunika kalata ya dokotala, maumboni olumbirira, ndiponso chifukwa chimene abale ake sangathe kudwazika khololo, tinene kuti ndi mayi ake. Apa ndiye pamandiwawa ine. Mwana azichita kulemba papepala kuti mchemwali wake ali kutali, mchimwene wake sangadalirike, kuti aweruze akuluakulu a usilikali amene mayiwo sanawaonepo n'kamodzi komwe.

Akuluakuluwo nawonso sitingawanene kwambiri: munthu adasaina pangano, ndipo anzake pagulu akumudalira. N'chifukwa chake ena amayamba apempha tchuthi chadzidzidzi, uthenga wa matenda utadzera ku American Red Cross, kapena kuti awasamutsire pafupi ndi kwawo. Mapepala akuyenda choncho, kunyumba kuja mayi akufuna wowatembenuza pabedi usiku uno.