Kodi Dragon Quest Njoyenera Woyamba Kumene?

Mwa maseŵera a pa kanema amene afika m'dziko muno kudzera m'mafoni a m'manja, amene achinyamata athu aŵazoloŵera msanga ndi ampira, othamangitsa galimoto ndiponso oomberana. Onseŵa amafuna chala chofulumira. Koma ulipo mtundu wina, wotchuka kwambiri ku Japan, umene umafuna munthu wodekha ndi wokonda kuŵerenga. M'maseŵera ameneŵa woseŵera amatenga malo a munthu wa m'nthano, nayenda naye m'midzi, m'nkhalango ndi m'mapanga, nacheza ndi anthu amene akumana nawo, namenyana ndi zilombo, mphamvu zake zikukulirakulira pang'onopang'ono kufikira nthanoyo itatha. Dzina lake lachidule ndi RPG.

Tsono funso lathu ndi ili. Mnyamata kapena msungwana wa kwa Mposa, m'boma la Machinga, amene wamaliza Folomu 4, ali ndi foni yabwinoko, ndipo sanaseŵerepo mtundu umenewu chibadwire, kodi kungakhale kwanzeru kuti ayambire pa Dragon Quest yoyamba, gemu ya mu 1986 imene inabadwa iye asanabadwe? Ine ndikuti inde, ngakhale zilipo zovuta ziŵiri zimene sitiyenera kumubisira.

Chifukwa choyamba chili m'mbiri ya gemuyo. Maseŵera a mtundu umenewu sanayambire ku Japan ai. Mu 1981 ku America kunatuluka Wizardry ndi Ultima, maseŵera a pa kompyuta ovuta kwambiri, ofuna munthu wodziŵa kale malamulo ambirimbiri. Mlembi wina wa ku Japan, Yuji Horii, anaŵakonda, koma anaona kuti mwana wamba sangaŵayambe n'komwe. Chotero iye, pamodzi ndi Koichi Nakamura amene anakonza za makina, Akira Toriyama amene anajambula anthu ndi zilombo, ndi Koichi Sugiyama amene anapeka nyimbo, anapanga Dragon Quest. Kampani ya Enix inaitulutsa pa 27 May 1986 pa makina a Famicom a kampani ya Nintendo, amene anali ndi mabatani oŵerengeka chabe. Motero gemuyi inapangidwira anthu a dziko lonse amene anali oyamba kumene nthaŵi imodzi. Panalibe mkulu wake wa mwana amene akanamuonetsa njira. Gemuyo inayenera kukhala mphunzitsi yokha.

Aphunzitsi amene akuŵerenga tsamba lino achite chidwi ndi kaphunzitsidwe kake. Poyesa gemuyo isanatuluke, okonzawo anaona kuti ana akaikidwa panja amangoyenda chiyendeyende, osaloŵa m'mudzi kukafunsa njira kapena kugula chida, naphedwa ndi zilombo asanadziŵe chimene akuchita. Horii sanalembe buku lalikulu la malangizo. Anangosintha poyambira. Woseŵera tsopano amayambira m'chipinda cha mfumu, chitseko chili chokhoma. Kuti atuluke ayenera kumva mau a mfumu, kutsegula mabokosi amene ali m'chipindamo, kupezamo ndalama, muuni ndi kiyi, ndi kutsegula chitsekocho ndi kiyiyo. Akamafika panja amakhala ataphunzira kale kulankhula, kufufuza, kutenga ndi kugwiritsa ntchito chinthu, chonsecho sanadziŵe kuti anali m'kalasi. Ndipo akangotuluka m'linga la mfumu, amaona nyumba ya mdani wake wamkulu, Dragonlord, tsidya lina la madzi, monga munthu woima pa gombe la Chilwa amaonera chilumba patali koma bwato alibe. Kumene akupita akukuona ndi maso kuyambira tsiku loyamba. Chimene chatsala ndi kufunafuna njira yozungulira.

Chifukwa chachiŵiri chili kwathu konkuno. Ku Machinga ndi ku Balaka, monganso m'maboma ena a m'mbali mwa nyanja, bawo si chinthu chachilendo. Maenje 32, nkhomo 64, anthu aŵiri, ndipo aliyense amadikira mnzake amalize asanagwire dzenje. Woseŵera bawo sathamanga. Amaŵerenga nkhomo ndi maso, naganiza kumene dzanja lidzathera, naona ngati pamenepo adya kapena adyedwa. Nkhondo za mu Dragon Quest zimayenda chimodzimodzi. Chilombo chikaonekera, kaŵirikaŵiri sichikukhudza kufikira iwe utasankha chochita: kumenya, kudzichiza, kuponya matsenga kapena kuthaŵa. Ukasankha, nacho chimachita mbali yake, ndiye nthaŵi nkubwereranso kwa iwe. Ungathe kuika foni pansi, kukatunga madzi, nkubwera kudzapeza chilombocho chikudikirabe. Manambala ake ngochepa ndi oonekera: moyo wako watsala 12, chilombo chimachotsa 5 pa nkhonya imodzi, tsono udziŵa wekha kuti wakwana mpata wodzichiza. Munthu amene anakulira pa thabwa la bawo ali nacho kale chizoloŵezi chimene maseŵeraŵa amafuna, ndipo ndinganene kuti ali patsogolo pa mnzake wa m'tauni amene anazoloŵera kuombera.

Bawo ikutiphunzitsanso za kuphweka. Ana amayamba ndi nkhomo ziŵiriziŵiri m'dzenje lililonse, zonse zili pa thabwa. Akulu amasunga zambiri m'manja naika imodzi pa nthaŵi, ndipo ali ndi malamulo ena a nyumba amene mwana sangaŵagwire tsiku limodzi. Komatu bawo ya ana ndi bawo ndithu. Mwana akaseŵera mosasamala amadyedwa, ndipo zimene waphunzira pamenepo amapita nazo ku bawo ya akulu osataya kanthu. Dragon Quest yoyamba ili chotero. Ngwazi ndi mmodzi yekha, chilombo chimabwera chimodzi pa nthaŵi, matsenga ngoŵerengeka. Ukafa sutaya zonse: umadzukira kwa mfumu, theka la ndalama zako litapita, koma mphamvu zimene unapeza zili pompo. Chilango chilipo, ndipo chimaŵaŵa ngati unali pafupi kugula lupanga, koma sichikubweza pachiyambi.

Kuphweka kumeneku nkosiyana ndi kwa gemu ina imene anthu amakonda kuitchula akamakamba za oyamba kumene. Mu 1992 kampani ya Square, imene inatulutsa Final Fantasy mu 1987, inapanga Final Fantasy Mystic Quest makamaka kaamba ka anthu a ku America, poganiza kuti maseŵera enieni a mtundu umenewu ngoŵavuta. Inachotsamo kuyenda mwaufulu m'dziko, inalola kuti ukagonja ungoyambiranso nkhondo yomweyo pomwepo, ndipo mnzako wa paulendo ankatha kudzimenyera yekha. Zotsatira zake, woseŵera amafika kumapeto asanaphunzire kusunga mankhwala kapena kuganiza zobwerera kumudzi mphamvu zisanathe. Imeneyo ili ngati bawo imene mkulu akukugwira dzanja nakuikira nkhomo m'maenje. Mwana wa kwa Mposa safunika kumunyengerera motero.

Ena adzati bwanji osayamba ndi zatsopano, zokongola ndi za nthano zozama. Final Fantasy VII ya mu 1997 inadzaza zimbale zitatu. Dragon Quest XI ya mu 2017 imadya maola oposa 50, ndipo Persona 5 imafika pafupifupi maola 100. Zambiri za zimenezi zimafuna makina odula ndi magetsi osazima, pamene kumudzi foni imatchajidwa pa sola kapena pa malo olipira. Pokémon ya mu 1996, imene Satoshi Tajiri anaiganiza pokumbukira ubwana wake wogwira tizilombo m'tchire, njabwino zedi kwa woyamba, koma eni ake amaitulutsa pa makina a Nintendo. Dragon Quest yoyamba ili pa mafoni a Android m'Chingerezi kuyambira mu 2014, njaing'ono, ndipo munthu angathe kuimaliza m'maola pafupifupi khumi. Mtengo wake ngwochepa, ngakhale kulipira kwake kumafuna khadi la kubanki limene ambiri omaliza sukulu alibe, ndipo apa mpamene mbale wa pa ntchito amafunika. Ine ndimakonda yolipira kamodzi yotere kuposa zaulere zimene zimakugulitsa mabokosi a mwaŵi mkati mwake. Ku Japan komweko boma linaletsa mtundu wina wa malonda otere mu 2012 litaona kuti ukufanana ndi juga, ndipo juga ya pa foni taiona kale mmene ikudyera ndalama za achinyamata kuno.

Tsopano zovuta zija. Choyamba ndi Chingerezi chake. Pamene gemuyi inafika ku America mu 1989, pa dzina la Dragon Warrior, omasulira anaiveka Chingerezi chakale cha thou ndi thee, chonga cha Baibulo la King James la mu 1611, ndipo ya pa foni nayonso inatsata kalankhulidwe kachikale. Ili si vuto laling'ono, pakuti m'gemuyi mulibe muvi wokulozera kopita. Njira yonse ili m'kamwa mwa anthu a m'midzi: uyu akuti chinthu chakuti chinakwiriridwa kumwera kwa kasupe, uyo akuti mwana wa mfumu anatengedwera kum'maŵa. Wosamva mau ameneŵa adzayenda masiku atatu osapeza kanthu, nataya mtima. Amene anaŵerengapo Shakespeare kusekondale sadzavutika kwambiri. Winayo afunika mphunzitsi kapena mnzake womuuza kuti thou ndi iwe, hast ndi uli nacho, mau osakwana makumi aŵiri, basi. Ndipo ndikadakhala mphunzitsi wa Chingerezi ndikadamuuzanso kuti atenge kope, azilemba chimene munthu aliyense wanena ndi mudzi umene wachinenera. Kuŵerenga kumene kuli ndi mphotho pompopompo, kumene ukalakwa kumva umasochera m'phanga, kumagwira mtima wa wophunzira kuposa ndime ya m'mayeso imene saona phindu lake.

Chovuta chachiŵiri ndilibe nacho mankhwala. Gemuyi imafuna kubwereza. Usanaoloke mlatho kupita kudera la zilombo zamphamvu, uyenera kuzungulira pafupi ndi mudzi ukumenya tizilombo tomwetomweto, kuti upeze mphamvu ndi ndalama. Ya pa foni anaifeŵetsako poyerekeza ndi ya mu 1986, koma kubwerezako kulipobe, ndipo nthano yake njaifupi: mfumu yataya mwana wake wamkazi ndi mpira wa kuŵala, pita ukazibweze. Amene akufuna anthu olira, okondana ndi operekana, monga m'mafilimu, adzaona ngati wapatsidwa nsima yopanda ndiwo. Woteroyo sindingamutsutse. Ndingangomuuza kuti maola khumi ndi mtengo wochepa woyesera ngati mtundu wonsewu ukumuyenera, kusiyana ndi kuzindikira zimenezo atataya maola 40 pa gemu yaikulu.

Za nthaŵi, makolo ali ndi chifukwa chodera nkhaŵa. Pamene Dragon Quest III inatuluka mu February 1988, tsiku la pakati pa sabata, ana ambiri ku Japan anathaŵa sukulu kukaima pa mizere ya m'masitolo, ndipo apolisi anagwira mazana a iwo. Kuyambira pamenepo Enix inayamba kutulutsa zigawo zotsatira pa masiku opuma. Maseŵeraŵa amakoka, ndipo wolemba mayeso chaka chino kapena wofunika kumunda wa mpunga m'dambo la Chilwa adikire kaye. Koma m'miyezi ija yoyembekezera zotsatira za MSCE, pamene dzuŵa limakhala lalitali ndipo mabuku atsekeredwa m'sutikesi, nthaŵi ilipo.

Akaimaliza naikonda, apite ku Dragon Quest III, kumene adzatsogolera gulu la anthu anayi nasankha yekha ntchito ya mnzake aliyense. Kapena apite ku Dragon Quest V ya mu 1992, imenenso ili pa foni, imene imatsata munthu mmodzi kuyambira ali kamnyamata koyenda ndi atate ake kufikira atakwatira nabereka ana.