Utsi wa Bambo, Chifuwa cha Mwana

Makolo athu akale, amene sanaonepo chipatala kapena sikelo yoyezera makanda, anali ndi lamulo limodzi limene ife ophunzirafe talitaya, ndilo lakuti moyo wa mwana wosabadwa, ndi wa khanda la m'chikuta, suli m'manja mwa mayi yekha, koma ulinso m'manja mwa mwamuna amene anapereka pathupipo. Mkazi akangoima, anamkungwi ankadza kudzamlanga, ndipo nawo ankhoswe ankamtengera mwamuna pambali, namuuza kuti kuyambira tsiku lomwelo thupi lake silinalinso lake yekha, asayende njira zokhota, adzisunge kufikira tsiku lotengera mwana kumphasa. Mwana akayamba kutsokomola, natupa masaya ndi miyendo, akuluakulu ankayang'ana bambo, nati, “Mwamsempha mwanayu ndinu.” Madokotala a lero atiuza kuti zambiri zimene zinkatchedwa tsempho kapena mdulo zinali kunyentchera ndi chifuwa chachikulu, ndipo ine sinditsutsana nawo, koma ngakhale makolo anaphonya dzina la nthenda, pa chinthu chimodzi sanaphonye, ndicho chakuti zochita za bambo zimagwera pa mwana. Mau amenewa ndawakumbuka chifukwa cha fodya.

Kunena zoipa za fodya m'dziko lino nkovuta, pakuti ndi mbewu imene yatilera. Chiyambire pamene John Buchanan anadzala fodya wa ku Virginia kumapiri a kummwera, natumiza woyamba kunja m'chaka cha 1893, ndi pamene Barron ndi Wallace anayamba kugawira anthu a m'midzi mbande ku Mbabzi m'zaka za m'ma 1920, tsamba limeneli lafolera nyumba zambiri ndi malata, lagula ng'ombe ndi njinga, laphunzitsa ana amene lero ndi aphunzitsi ndi anamwino. Ndipo kufikira lero lino, misika ya okushoni ikatsegulidwa ku Limbe, ku Kanengo, ku Chinkhoma ndi ku Mzuzu, dziko lonse limatchera khutu kuti limve mitengo. Chotero mlimi sindimtukwana, pakuti thukuta lake ndi loyera. Mlandu wanga uli pa fodya wotsala, amene sakwera lole, koma amapichiridwa m'kapepala kong'ambidwa m'kope la mwana wa sukulu nakhala chingambwe, ndi pa ndudu zogula imodziimodzi pa okala, zimene utsi wake umathera m'nyumba mogona ana.

Kafukufuku wa boma wa za umoyo wa anthu, amene anachitika mu 2015 ndi 2016, anapeza kuti pa amuna 100 alionse, osuta anali oposa 10, pamene pa akazi 100 sanafike ngakhale awiri. M'maiko a Azungu, kumene akazi osuta ndi ambiri, chenjezo limalunjika kwa mayi woyembekezera. Kuno kwathu nkhaniyi ndi ya amuna. Komabe taonani mmene timachitira: amayi amadzaza mabenchi a kusikelo m'mamawa, naimba nyimbo zawo, namva phunziro lonse la kuopsa kwa utsi, pamene mwini utsiwo, amene anayenera kumva, ali pa bawo pansi pa mtengo. Tikulanga amene sanalakwe, ndipo wolakwa sakumva kanthu.

Tiyeni tilowe m'kati mwa nkhaniyi. Mu utsi wa fodya muli zinthu zoposa 7,000, ndipo pafupifupi 70 mwa izo zimadziwika kuti zimayambitsa khansa. Koma ziwiri ndizo zimene zimalimbana kwambiri ndi mwana wosabadwa. Mwana ali m'mimba sapuma ndi mapapo ake, koma amalandira mpweya wa okosijeni ndi chakudya kuchokera m'magazi a mayi ake, kudzera m'nsengwa ndi m'chingwe cha mchombo. Nikotini amafinya mitsempha kuti magazi adutse ochepa. Ndipo carbon monoxide, mpweya womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula ya makala m'chipinda chotseka m'nyengo yachisanu, amakakamira m'magazi mwamphamvu koposa okosijeni kuwirikiza ka 200, namlanda malo. Chotero mwanayo amakula monga chimanga chomera m'munda wa kaufiti, chimene chimaoneka ngati chili pa nthaka yabwino koma mizu yake ikuyamwidwa pansi. Kale mu 1957, dokotala wina wa ku California, Winea Simpson, atapenda mbiri za amayi zikwi zingapo, anapeza kuti ana obadwa onyentchera anali ochuluka pafupifupi kawiri pakati pa amayi osuta. Ndipo chiyambire pamenepo zatsimikizika kuti mwana wa mayi wosuta amabadwa wopepuka ndi magalamu pafupifupi 200, ndi kuti kupita padera, kubereka masiku asanakwane ndi kubereka mwana wakufa zimachuluka. Mayi amene sasuta, koma amagona ndi kudzuka mu utsi wa mwamuna wake, amalandira gawo lake la poizoni yemweyo. Ndi laling'ono koposa la wosuta, komatu si lachabe.

Wina adzati magalamu 200 ndi chiyani, poti sakwana ndi theka la paketi ya shuga. Akafunse anamwino a m'chipinda cha ana obadwa masiku asanakwane, kumene amayi amakhala usana ndi usiku atafungatira tiana pachifuwa mwa njira ya kangaru, kumene khanda losafika makilogalamu 2.5 limawerengedwa kuti lili pangozi. Lipoti la maiko onse la mu 2012 linaika Malawi patsogolo pa dziko lililonse pa kubadwa kwa ana masiku asanakwane, ana 18 pa 100 alionse. Zifukwa zazikulu za tsoka limenelo ndi zina, monga malungo, kuchepa kwa magazi ndi kutenga pakati msinkhu usanakwane. Koma mayi amene wasenza kale mtolo wotere, ndi nzeru yanji kumsanjikira wina pamwamba? Nawonso amayi amene amafwenkha fodya wopera kapena kumuika kunsi kwa mlomo, poganiza kuti popanda utsi palibenso vuto, adziwe kuti nikotini ndi yemweyo, ndipo njira yake yofikira kwa mwana ndi yomweyo.

Mwana akabadwa mlandu sutha, koma umakula. Lingalirani usiku wa mwezi wa June, chiperoni chikuwomba, nyumba ya zipinda ziwiri, zenera latsekedwa, m'ming'alu mwatseredwa nsanza. Mayi wagona pamphasa ndi khanda, ana awiri afunda bulangete limodzi m'mbali mwa khoma, ndipo bambo, atatha kudya nsima, akhala pampando nayatsa chingambwe chawo, chifukwa kunja kukuzizira. Akale anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Koma m'nyumba yotseka mulibe mphepo yoti imtenge, ndipo amene bambo auzira kunja ndi wa khandalo. Munthu wamkulu amapuma ka 12 kufikira ka 20 pa mphindi imodzi, pamene khanda limapuma ka 30 kufikira ka 60, ndipo timipita ta mpweya ta m'chifuwa chake nting'onoting'ono, tosachedwa kutupa ndi kutsekeka. Ndicho chifukwa chake ana a m'nyumba za osuta amagwidwa kawirikawiri ndi chibayo, chimene chili pakati pa nthenda zotsogola pakupha ana aang'ono m'dziko lino, amabanika ndi mphumu, amatuluka mafinya m'makutu kufikira ena kugontha, ndipo makanda ena amagona ali bwinobwino osadzukanso. Zikatero mudzi umafuna mfiti, nuloza chala nkhalamba yosauka ya kumapeto kwa mudzi, pamene palibe ndi mmodzi yemwe amene wafunsa za mpweya umene mwanayo ankapuma usiku uliwonse.

Izitu si nthano. Mu 1981 dokotala wa ku Japan, Takeshi Hirayama, atatsata kwa zaka zambiri akazi osasuta okwatiwa ndi amuna osuta, anaonetsa kuti iwo ankadwala khansa ya m'mapapo koposa anzawo okwatiwa ndi amuna osasuta. Ndipo bungwe la za umoyo pa dziko lonse la WHO limawerengera kuti chaka chilichonse anthu oposa miliyoni imodzi amafa ndi utsi wa fodya amene sanasute iwo eni. Ngati utsi umenewu ugwetsa mkazi wamkulu, nanga khanda la milungu iwiri lidzalimba bwanji? Ndiponso utsi sutha pamene ndudu yazima, pakuti umakanirira m'mabulangete, m'jekete ndi m'ndevu, ndipo mwana amene bambo am'nyamula mwachikondi amaupuma pachifuwa pawo pomwepo.

Palinso mwambo wina umene timauona ngati ulemu, koma ndi sukulu ya usuti. Bambo apichira fodya wawo, nanyambita m'mphepete mwa pepala, naitana mnyamata wa zaka zisanu ndi ziwiri, nati, “Iwe, kandiyatsire kukhitchini.” Mwanayo alandira ndi manja awiri monga anaphunzitsidwa, nakagunditsa pa khala la moto; ndipo poopa kuti ungazime panjira iye nkukalipidwa, amakokako kamodzi kapena kawiri kuseri kwa nkhokwe, natsokomola, napukuta misozi, nadzapereka atagwada. M'mera mpoyamba. Patapita zaka khumi bambo omwewo adzapeza ndudu m'thumba la yunifolomu, nadzathyola mkwapulo, nafunsa mwaukali kuti mwanayu waphunzira kuti khalidwe lotere.

Ndikudziwa mayankho amene amuna amapereka, pakuti ndawamva pamaliro ndi pamabwalo. Ena amati, “Agogo anga anasuta kaliwo kufikira imvi, ndipo anabereka ana khumi.” Indedi anabereka khumi, koma mwa khumiwo anakula angati, ndipo manda aang'onoang'ono aja ali kumsitu ndani anafufuza chimene chinawadzaza? Ena amati, “Nanga utsi wa nkhuni umene mwana amapuma ali kumbuyo kwa amake pophika, suposa wanga?” Mau amenewa ali ndi choonadi, pakuti utsi wa pamafuwa nawo umadwalitsa chibayo, ndipo ndicho chifukwa chake amayi akulimbikitsidwa kuphikira pa chitetezo mbaula ndi pamalo popita mphepo. Koma utsi wa nkhuni umabala nsima imene banja lonse limadya, pamene utsi wa fodya subala kanthu koma kukondweretsa munthu mmodzi. Ndipo chifuwa chimene chalemedwa kale ndi utsi wa masana ndicho chiyenera kupumula usiku.

Maiko anagwirizana pangano loletsa kufala kwa fodya mu 2003, ndipo Malawi, atazengereza zaka makumi awiri chifukwa cha mbewu yake, analowamo mu 2023. Ndi chinthu chabwino. Koma lamulo la boma likhoza kufika m'minibasi, mu ofesi ndi m'malo odyera, pamene pakhomo la kuchipinda limaima, ndipo kumeneko ndiko kuli ana. M'katimo wotsala ndi mkazi, amene analangizidwa pa chinkhoswe kuti asamayankhe mwamuna wake. Iye akalimba mtima nati, “Bambo a Chikondi, mwanayu akutsokomola, bwanji mukasutire panja,” kawirikawiri amamva kuti, “Nyumba ino anamanga ndani?” Ndipo ngati wosutayo ndi apongozi ake aamuna kapena atsibweni a mwamuna wake, amene ngakhale kuwayang'ana kumaso sayenera, pakamwa pake pamatsekeka ndithu. Mutu umodzi susenza denga. Chifukwa chake ndikupempha ankhoswe, anamkungwi, alangizi a m'mipingo ndi m'mizikiti, mafumu pamodzi ndi alangizi a za umoyo oyenda m'midzi, kuti mau awa awaike pakati pa malangizo a banja, awanene kwa mwamuna pamaso pa abale ake, kuti m'nyumba mmene muli mayi wapakati kapena mwana simuyatsidwa fodya, angakhale wa mlendo wolemekezeka. Pakuti chimene mkazi sangathe kunena yekha, mudzi ukachinena chimakhala mwambo, ndipo mwamuna amachisunga wopanda manyazi.

Kwa inu abale anga osuta, sindikuyankhulani monyoza, pakuti ndikudziwa kuti nikotini ndi mbuye wouma mtima, amene amafika ku ubongo m'timphindi tochepa chabe, namanga munthu kolimba kotero kuti ambiri amaleka ndi kubwereranso kangapo asanamasuke. Koma thupi limakhululuka msanga: pakangotha tsiku limodzi munthu asanasute, mpweya woipa uja wa carbon monoxide umakhala utatsika m'magazi; ndipo mayi amene waleka m'miyezi itatu yoyamba ya pakati amabereka mwana wolemera pafupifupi ngati wa mayi amene sanasutepo. Ngati mungathe kuleka, lekani, ndipo ndalama ya ndudu igule mazira ndi usipa wa mayi woyembekezera. Ngati simunathe, tulukani, mupitirire khonde, mukafike kutali ndi zenera, kaya kukugwa mvula kaya kukuzizira. Mukabwerako sambani m'manja ndi kuvula malaya amene munasutira musananyamule khanda. Ndipo musatumenso mwana kukagula kapena kukayatsa. Inu munasankha fodya muli ndi nzeru zanu, ndipo mudzayankha nokha za thupi lanu. Koma mwanayo sanafunsidwe, sangathe kudzuka pamphasa kuti atuluke, ndipo mapapo amene akumera m'zaka zoyambazi ndi omwewo adzalimira, adzathamangira ndi kuimbira kufikira ukalamba wake. Kuzizidwa kwa mphindi zisanu panja ndi mtengo wochepa kwambiri umene bambo angalipire chifukwa cha mwana wake.